Mukufuna food truck mu Chipata? Yambani mwapeza poimika musanadule motoka

Masiku ano achinyamata ambiri muno mu Chipata akukamba za food truck, ija motoka yokhala ndi khitchini mkati, mukuphika chipsi, nkhuku, soseji kaya nsima ndi ndiwo zake momwemo nkumagulitsira pa windo. Ine lingaliro ili ndimalikonda zedi chifukwa lendi ya mashopu mtauni ndi yokwera ndiponso makasitomala sakhala malo amodzi, m'mawa ali ku steshoni, masana ali kumaofesi, Loweruka ali ku mpira ku David Kaunda Stadium. Koma funso limene ambiri amayamba nalo ndi lakuti laisensi ya food truck amatenga kuti ndipo ndi zingati, ndiye yankho lake ndi lakuti pepala limodzi lotero kulibe. Boma likayang'ana chinthu chanucho limaona zinthu zingapo nthawi imodzi, limaona motoka yoyenda pamseu, limaona khitchini yodyetsa anthu, limaona bizinesi yoyenera kulipira msonkho, komanso limaona munthu amene waima pamalo ena ake nkumagulitsa. Chilichonse pa izi chili ndi ofesi yake ndi pepala lake.

Pa zonsezi chimene chimagwetsa anthu kwambiri ndi chomalizacho, malo. Mutha kukhala ndi mapepala ena onse ali bwinobwino, motoka yopakidwa penti yokongola, koma ngati mulibe chilolezo cha pamene mwaimapo, lamulo limakuonani ngati venda wa mumseu basi, chimodzimodzi ndi amene wayala matimati pa saka.

Nkhani yake inachokera patali pang'ono. Kumapeto kwa 2017 ndi kumayambiriro kwa 2018 kolera inavuta kwambiri ku Lusaka, mavenda anachotsedwa m'miseu mpaka asilikali analowapo kuyeretsa tauni, ndipo pa nthawi yomweyo boma linakhwimitsa malamulo a kugulitsa mumseu, lamulo limene ambiri amalitchula ndi Statutory Instrument No. 12 ya 2018. Lamulo ili si la Lusaka yokha, limagwira dziko lonse, ndipo amene amalitsata pansi pano ndi makhonsolo. Mfundo yake ndi yakuti simugulitsa pamalo amene khonsolo sinaloleze, makamaka chakudya chophikaphika, ndipo zilango zake zilipo. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu February 2017, kotero amene tikuchita nawo ndi Chipata City Council ku Civic Centre, ndipo mphamvu zawo pa zamalonda, zaumoyo ndi ukhondo wa tauni amazitenga mu Local Government Act ya 2019 pamodzi ndi Public Health Act. Anthu ena amaganiza kuti popeza motoka ili ndi mateyala ndiye akhoza kuima paliponse, akaona apolisi a khonsolo nkulizitsa injini kuthawa. Mungathawe kamodzi kawiri koma bizinesi ya chakudya imayenda ndi kuzolowerana, kasitomala afunika adziwe kuti 12 koloko ikakwana akupezani pamalo pomwe paja, ndiye ngati moyo wanu uli wothawathawa makasitomala okhazikika simudzakhala nawo, komanso mafuta otentha mu chiwaya sayenda bwino ndi kunyamuka mothamanga.

Malo ovomerezeka amapezeka m'njira zingapo ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. Ngati ndi pamalo a khonsolo, monga m'mbali mwa miseu ya mkati mwa tauni kapena poimika mamotoka, mumalemba kalata kwa Town Clerk yofotokoza chimene mukufuna kugulitsa, pati, masiku ati ndi maola ati, iwo amaipereka ku madipatimenti a planning ndi zaumoyo kuti aone ngati malowo ali oyenera. Ngati ndi mkati mwa msika kapena steshoni ya mabasi, tinene ku Kapata kapena ku Saturday Market, pamenepo palinso Markets and Bus Stations Act ya 2007 ndipo oyang'anira msika ali ndi mawu awo, musaiwale kuti mmenemo muli kale azimayi ogulitsa nsima amene akhala akulipira tikiti tsiku ndi tsiku kwa zaka, simungangofika ndi chimotoka nkuwatsekera khomo. M'mbali mwa mseu waukulu ngati Great East Road muli gawo losungidwa la mseu limene amaliyang'anira ndi a Road Development Agency, ndiye musamaone chibwalo chopanda kanthu nkuganiza kuti chilibe mwini.

Njira imene ine ndimaiona yachidule kwa woyamba kumene ndi malo a munthu, pabwalo la loji, pa car wash, pa yadi ya koleji, kutsogolo kwa shopu ya hadiweya imene ili ndi malo otsala. Mugwirizane ndi mwini malo, mulembe pepala asayine, mulembemo lendi, maola, za madzi, za magetsi ndi zakuti antchito anu ndi makasitomala azigwiritsa ntchito chimbudzi chapamalopo. Pepala ili mudzalifuna ku khonsolo chifukwa olo malo ali a munthu, chilolezo chophikira anthu chimachokera kwa iwo ndithu. Za pakamwa chabe ayi, mwini malo akadzaona mzere wa anthu ukutalika lendi idzakwera mwezi womwewo kapena mlamu wake adzafuna malowo, ndipo inu mudzakhala mulibe pogwira. Komanso ngati mukufuna kumaima malo awiri kapena atatu, tchulani onse mu kalata yanu poyamba pomwe, kusiyana ndi kutenga chilolezo cha malo amodzi nkumapezeka kwina.

Mukaona kuti malo alipo ndipo akutheka, za kulembetsa bizinesi sizivuta kwenikweni. Ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani, mumayamba ndi kufufuza dzina ngati lilibe mwini, likavomerezedwa mumalembetsa ngati business name, apo ayi ngati kampani. Kwa munthu mmodzi woyamba ndi motoka imodzi business name imakwanira ndipo ndi yotchipa, kungoti ngongole za bizinesi zimakhala zanu inuyo mwini, pamene kampani imaima payokha. Mutenge NRC yanu, ndipo zambiri masiku ano zimatheka pa intaneti. Chaka chilichonse pamafunika annual return, pepala lodziwitsa a PACRA kuti bizinesi ikadalipo, ambiri amaiwala izi nkudzadzidzimuka tsiku limene akufuna loni ya CDF kapena ya CEEC, bungwe la boma lokongoza ndalama za bizinesi. Kuchoka apo ndi ZRA, mukhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, ndipo mulembetse mtundu wa msonkho. Mabizinesi ang'ono amalowa mu turnover tax, kuyambira 2025 malire ake ndi K5,000,000 pa chaka ndipo msonkho ndi 5 peresenti. Apa mvetsani bwino, amawerengera pa ndalama zonse zimene mwagulitsa osati pa phindu, kotero mukamaika mtengo wa mbale ya chipsi ndi nkhuku muziikiramo kale. Ritani yake, pepala louza a ZRA zimene mwagulitsa, ndi ya mwezi ndi mwezi, isadutse pa 14 mwezi wotsatira, ndipo olo mwezi umene motoka inali kugalaja osagulitsa kanthu muzitumizabe yopanda kanthuyo kuti zilango zisaunjikane.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Musanapite ndi kanta kapena Hiace yanu kwa owotcherera, pitani kaye ku dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo ndi chojambula cha mmene mukufuna mkati mukhalire, olo chojambula pamanja pa pepala la mu kope. Akuuzeni iwo chimene akufuna kudzaona. Owotcherera athu ntchito amaidziwa, mukafika pa yadi mupeza mnyamata wagwada ndi girainda, moto uli thethethe, akudula windo m'mbali mwa bodi mwaluso ndithu, koma iye amapanga chimene mwamuuza, ndipo mukamuuza kuti aike thebulo la thabwa ndi sinki imodzi adzaika zomwezo. Tsiku la kuyendera mudzauzidwa kuti thabwa limamwa madzi a nyama, sinki yosambira m'manja ikhale payokha, ndiye muyambe kugumula zimene mwalipira kale.

Zimene oyendera zaumoyo amayang'ana sizachilendo, ndi zomwe angayang'ane mu lesitilanti iliyonse pansi pa Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019, kungoti mu motoka malo ndi ochepa ndiye chilichonse chimaonekera. Pokonzera chakudya pakhale posalala, posamwa madzi, potsukika, nchifukwa chake ambiri amaika stainless steel. Pansi pasakhale ming'alu yosunga mafuta ndi nyenyeswa, mphemvu zimakonda mmenemo. Madzi ndiye nkhani yaikulu, pafunika thanki ya madzi abwino yotsekeka ndi mpopi wake, ndipo muzitha kunena kumene mumatunga, ngati ndi pa mpopi wa Eastern Water and Sanitation Company zili bwino, ngati ndi pa chitsime kapena borehole ya kunyumba angafune madziwo ayezedwe. Pafunikanso thanki ina yolandira madzi akuda, ndipo iyi ikhale yokulirapo kuposa ya madzi abwino kuti isasefukire, chifukwa kutayira madzi otsukira mbale mu ngalande ya mseu kapena pansi pa motoka ndi mlandu pawokha, komanso ndi chimene chimaitana ntchentche ndi madandaulo a oyandikana nawo. Walira mvula walira matope, makasitomala akachuluka madzi akuda ndi zinyalala zimachulukanso, muziganizire motoka isanamangidwe.

Oyendera akakwera mkati nthawi zambiri amayamba ndi zinthu zing'onozing'ono. Amatsegula mpopi wa sinki yosambira m'manja kuona ngati madzi akutulukadi, amayang'ana ngati sopo alipo ndi chopukutira chotaya, osati kansalu kamodzi kamene kapukuta thebulo, mpeni ndi thukuta. Amatsegula firiji nkuona chimene chili pamwamba ndi chimene chili pansi, akapeza nkhuku yaiwisi ili pa shelefu yapamwamba ikudonthera mu beseni la saladi ya kabichi, nkhani yathera pomwepo. Amayang'ana zikhadabo za wophika, chophimba kumutu, apuloni, amafunsa amene akulandira ndalama ngati ndi yemweyo akugwira chakudya. Amasuzumira mu bini ngati ili ndi chivundikiro. Kenako funso lija lakuti chimbudzi mumapita kuti, ndipo apa ndi pamene pepala la mwini malo lija limakuthandizani.

Za firiji ndiwonjezepo chifukwa Chipata mu October kumatentha ndipo mkati mwa bodi yachitsulo muli chitofu choyaka kumaposa apo. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, kotero chozizira chikhale pansi pa 5, chotentha chikhale pamwamba pa 60, ndipo nyama ipse mpaka mkati kufika 70 kapena kuposa. Chophika chisakhale pamtunda chikungozizira chokha kupitirira maola awiri. Mpunga, nyemba ndi supu ya nyama zophika m'mawa nkumazigulitsa zofunda pang'ono madzulo ndi zimene zimagoneka anthu kuchipatala, olo fungo lisanasinthe. Tonse tinaona mmene magetsi anavutira mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ndiye musadalire chingwe chokoka pa shopu ya mwini malo chokha, khalani ndi jenereta yaing'ono kapena sola ndi batire, olo cooler box yabwino ndi ayisi wokwanira. Kathemomita ka chakudya sikadula, gulani, ndipo kamathandiza ngakhale pokambirana ndi oyendera chifukwa mukuonetsa nambala osati kungoti chatentha ndithu bwana.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi chakuti food truck siphikira zonse mu motoka. Nkhuku mumazikonza kunyumba, mbatatesi mumasenda kunyumba, katundu amagona kunyumba, ndiye malo amenewo nawonso ndi gawo la bizinesi ndipo oyendera ali ndi ufulu wofuna kuwaona. Nenani chilungamo poyamba pomwe kuti zokonzekera mumachitira kwakuti. Nyama gulani ku butchala yovomerezeka imene imatenga nyama yoyezedwa, musunge malisiti. Ya mbuzi kapena nkhumba yobwera m'thumba pa njinga mbandakucha imatchipa inde, koma kuno kum'mawa matenda a nkhumba timawadziwa, ndipo tsiku limene munthu adzadwale funso loyamba lidzakhala lakuti nyama munaitenga kuti. Chimodzimodzi nyama ndi zamkaka zodutsa pa Mwami popanda mapepala a owona za ziweto, musaziike mu firiji yanu.

Aliyense wogwira chakudya, kuyambira inu eni ake mpaka mnyamata wosenda mbatatesi, afunika satifiketi ya kuchipatala ya ogwira chakudya, ndipo imatha pakapita miyezi 6, kotero ndi kawiri pa chaka. Ena amaona ngati ndi njira yongodyera anthu ndalama koma ganizani bwino, munthu atha kukhala ndi tizilombo ta taifodi m'thupi iye osadwala konse, akuyenda bwinobwino, nkumapatsira aliyense amene wadya chimene wagwira. Kuyeza kuja kumafuna kupeza anthu otere ndi ena a chifuwa kapena zilonda za m'manja. Musalole munthu akubweretsereni satifiketi yogula popanda kuyezedwa. Ndipo satifiketi ndi ya munthu osati ya motoka, wantchito akasiya nkubwera wina, watsopanoyo ayezedwe asanagwire chipande. Kuno sitili patali ndi kolera, mu January 2023 inabuka ku Vubwi konkuno, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho kulowa 2024 inagwedeza dziko lonse mpaka masukulu anachedwa kutsegulira. Nthawi zoterozo akuluakulu amatha kuimitsa malonda a zakudya zophika pamalo ena olo muli ndi mapepala onse, ndiye mwezi wa dzinja muzisungako kandalama kapadera. Oyendera akakhutira ndi motoka, malo ndi antchito, ndi pamene mumapatsidwa health permit.

Za moto ndi ofesi ina, a fire brigade a khonsolo, amene amapereka fire certificate akayendera. Pano sindifuna muziganize ngati pepala chabe, chifukwa mukuika moto, mafuta ophikira, gasi ndi thanki ya dizilo kapena petulo m'bokosi limodzi lachitsulo, ndipo mkatimo muli mwana wa munthu. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka sakwera kumwamba, amatsikira pansi nkuunjikana m'mapazi mwanu osaoneka, kotero silinda ikhale m'kabati yake yakunja yomangidwa bwino itaima chilili, yokhala ndi mabowo opumira m'munsi, osati pafupi ndi chitofu. Paipi ndi regyuleta zikhale zenizeni za gasi, osati paipi ya madzi yomangidwa ndi mphira wa chubu. Kuyesa kwake nkosavuta, sungunulani sopo m'kapu, pakani thovu polumikizira ponse ndi kasiponji, tsegulani silinda, mukaona thovu likufufuma timabaluni dziwani kuti pakutuluka, tsekani pomwepo. Machesi sayesera gasi. Gasi muzidzazitsa kwa ogulitsa amene ali ndi laisensi ya Energy Regulation Board.

Chozimira moto chikhale cha mtundu umene a fire brigade akuuzeni, chosapitirira deti ya sevisi, chopachikidwa pafupi ndi khomo pamene dzanja lifika msanga, pamodzi ndi bulangeti lozimira moto. Ndipo phunzitsani antchito onse kuti mafuta akayaka mu chiwaya sathira madzi, madzi amaphulitsa mafutawo moto nkugwira denga ndi nkhope, chofunika ndi kutseka gasi ndi kuvundikira. Khomo lotulukira lisatsekedwe ndi makreti a zakumwa. Ngati mukufuna kuotcha michopo pa malasha, mbaula ikhale panja patali ndi silinda, mkati mwa motoka utsi wa malasha umapha mwakachetechete. Chumuni kapena fani yokoka utsi pamwamba pa chitofu muiike pomanga pomwe.

Motokayo payokha ndi nkhani ya RTSA, oona za mamotoka ndi chitetezo cha pamseu, pansi pa Road Traffic Act ya 2002. White book, pepala la umwini wa motoka, ikhale m'dzina lanu kapena la bizinesi, road tax, fitinesi ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, olo motoka imangoyenda makilomita awiri kuchoka ku Kalongwezi kufika mtauni. Chimene anthu amalumpha ndi ichi, mukasintha bodi, mwachotsa mipando ya minibasi, mwadula windo, mwasintha mtundu wa penti, motokayo siikufanananso ndi zolembedwa mu white book, ndiye mukawadziwitse a RTSA ayiyeze asinthe zolembazo. A inshuwalansi nawonso muwauze kuti mkati muli khitchini ya gasi, mukabisa tsiku la ngozi adzakana kulipira ndipo adzakhala ndi chifukwa. Third party yokha imateteza anthu ena pamseu, chitofu, firiji ndi kasitomala amene wapsa ndi mafuta sizilowamo, funsani za inshuwalansi ina yophimba zimenezo. Onaninso kulemera, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, thanki ya malita 200 ndi makilo 200 musanaike firiji, masilinda ndi jenereta, ndipo zonse zikaunjikana mbali imodzi motoka imapendama pa kona. Laisensi ya kalasi B imafika pa makilo 3,500, kupitirira apo dalaivala afunika C1. Amene mwasankha ngolo yokoka m'malo mwa motoka, nayonso imalembetsedwa, imakhala ndi nambala yake ndi magetsi akumbuyo. Ine kwa woyamba ndimaona ngolo ili bwino, chifukwa injini ikafa bizinesi siifa nayo, mumangopempha wina akukokereni.

Business levy ndi ndalama imene bizinesi iliyonse imalipira ku khonsolo chaka ndi chaka, inalowa m'malo mwa malaisensi akale a malonda aja. Kuchuluka kwake kumatengera kukula ndi mtundu wa bizinesi, ndipo mitengo ya mapemiti imasintha, kotero funsani pa ofesi ya revenue akupatseni pepala la mitengo ya chaka chimenecho osati kumvera za mnzanu amene analipira kale. Mapepala a khonsolo amayendera chaka cha pa kalendala, amatha pa 31 December olo munawatenga mu September, ndiye ngati mukuyamba chakumapeto kwa chaka werengerani kuti posachedwa mulipiranso. Ndalama iliyonse muzilipira pa kaunta kapena ku banki nkutenga lisiti ya boma. Pamakhala anthu ozungulira m'makhonde odzitcha maajenti, akuti ndipatseni ndikutulutsireni zonse mawa popanda kuyendera, pepala lotero tsiku lina lidzapezeka kuti mulibe m'mabuku ndipo wolakwa adzakhala inu amene mwalipachika pa windo.

Mukalemba antchito, olo awiri, mwakhala bwana pamaso pa Employment Code Act ya 2019. NAPSA ya penshoni ndi 5 peresenti ya wantchito ndi 5 peresenti yanu, NHIMA ya inshuwalansi ya kuchipatala ndi 1 peresenti uku ndi uku, ndiyeno Workers' Compensation imene amalipira ndi bwana yekha. Yomalizayi pa ntchito ya mafuta otentha ndi mipeni musaizembe, mtsikana akapsa dzanja muli ndi pothawira inu ndi iye yemwe. Ndikudziwa ambiri timayamba ndi achibale, mphwanu kapena mwana wa alongo anu, koma ngati akugwira tsiku lonse nkumalandira malipiro ndi wantchito ndithu.

Zinyalala nazo zili ndi lamulo lake, Solid Waste Regulation and Management Act ya 2018, mufunika kukhala pa mgwirizano ndi khonsolo kapena kampani yololedwa kutola zinyalala, ndipo malo ozungulira motoka yanu ndi udindo wanu olo anataya ndi kasitomala. Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 analetsedwa ndi Statutory Instrument No. 65 ya 2018 imene amaiyang'anira a ZEMA oona zachilengedwe, ndiye posankha zoikiramo chakudya onani zimenezo. Mafuta ophikira akada musawathire mu ngalande, sungani m'chigubu. Mowa ndi nkhani ina yapadera pansi pa Liquor Licensing Act ya 2011, health permit siikupatsani mphamvu yogulitsa olo botolo limodzi, ndipo ine ndingati poyamba usiyeni.

Ndalama yeniyeni ya food truck kuno ili pa zochitika, Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, chionetsero cha zaulimi, maukwati, mipira. Apa kumbukirani kuti mapepala a Chipata City Council amagwira m'malire a Chipata. Mukapita ku Kulamba mwalowa m'dera la khonsolo ya Katete, mukatsikira ku Mfuwe nyengo ya alendo muli m'manja mwa khonsolo ya Mambwe, ndipo aliyense ali ndi chilolezo chake cha masiku ochepa, kuwonjezera pa malo amene amagawa ndi komiti yokonza mwambowo. PACRA, TPIN, za RTSA ndi masatifiketi a kuchipatala zimayenda nanu kulikonse m'Zambia, koma chilolezo cha malo chimatsala kumene munachitenga. Pitani milungu ingapo mwambo usanafike, ndipo funsani za madzi ndi kotayira madzi akuda, chifukwa pa chikhamu chotere thanki imene imakukwanirani tsiku lonse mtauni imatha isanakwane 11 koloko.

Mapepala onse muwajambulitse, makope akhale mu fayilo ya pulasitiki mu motoka momwemo, health permit ndi fire certificate zipachikidwe poonekera, enieniwo asungidwe kunyumba, ndipo madeti otha ntchito muwalembe mu foni chifukwa satha pamodzi, za kuchipatala miyezi 6, za khonsolo December, road tax ndi inshuwalansi nthawi yawo. Oyendera amabweranso osanena ngakhale mutapatsidwa pemiti, ndi ntchito yawo. Akafika afunseni mwaulemu chitupa chawo cha ntchito, alowetseni, ndipo akapeza cholakwika pemphani kuti akulembereni pa pepala chimene chalakwika ndi masiku amene akupatsani kuti mukonze. Akalanda chakudya kapena katundu, alembenso zimene atenga nkusayina. Mukakonza musadikire kuti adzabwera okha, pitani ku Civic Centre ndi pepala lomwelo mukapemphe kuti adzaonenso, ndipo akadzaona asayine kuti zatheka, pepalalo mulisunge mu fayilo ija kufikira nthawi yokonzanso pemiti chaka chamawa.